Ng'ala imachotsedwa: zoyenera kudziwa pokonzekera opaleshoni ya maso

Amayi, m'mudzi mwanu kapena mu mphakati mwanu simungalephere kupezeka agogo amene anasiya kuyenda okha chifukwa cha mdima wa m'maso. Amakhala pakhonde tsiku lonse, amakuzindikirani ndi mawu, ndipo popita kuchimbudzi amadikira mdzukulu woti awagwire ndodo. Ambiri timangoti ndi ukalamba, n'kuzisiya choncho. Komatu nthawi zambiri vuto limakhala ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yosapitirira theka la ola.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 94 miliyoni ali ndi vuto la kuona chifukwa cha ng'ala, ndipo nthendayi ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri kuposa ina iliyonse. M'mayiko osauka, amayi ndi amene amatsalira kwambiri pa kulandira opaleshoniyi. Chimawatsekereza kawirikawiri ndi mantha, ndalama ya ulendo, komanso kusowa munthu wowaperekeza ndi wowagwirira ntchito za pakhomo akabwerako. Zonsezi zimathetsedwa kumudzi, ndipo inu amayi a m'bungwe muli ndi mbali yaikulu. N'chifukwa chake ndi bwino mudziwe ulendo wonse, kuyambira pokayezetsa mpaka diso litapola, kaya wodwalayo ndi inuyo, amayi anu, apongozi anu kapena amuna anu.

Kodi ng'ala n'chiyani?

M'kati mwa diso, kuseri kwa kadontho kakuda ka pakati kaja, muli kagalasi kachilengedwe kokula ngati njere ya chimanga. Pa ubwana kamakhala koyera ngati madzi a pa mjigo, ndipo kuwala kumadutsa bwinobwino kukafika kumbuyo kwa diso, komwe kumatumiza zithunzi ku ubongo. Munthu akamakula, kagalasika kamayamba kuchita mtambo pang'onopang'ono. Mtambo umenewu ndiye ng'ala. Zili ngati galasi la nyali lomwe lada ndi utsi: moto ukuyaka ndithu, koma kuwala sikukutuluka. Kusiyana kwake n'kwakuti mtambo wa ng'ala uli m'kati mwa kagalasi, choncho sungapukutidwe kapena kutsukidwa.

Ng'ala ya ukalamba sipweteka ndipo sifiiritsa diso. Munthu amaona ngati kunja kuli chifunga, amathobwa ndi dzuwa kapena magetsi a galimoto usiku, ndipo mitundu ya zinthu imazilala. Kwa ife a kuno ku Kasungu chizindikiro china chimaonekera m'chigafa: mayi amene ankasankha fodya mwaluso amayamba kusakaniza masamba a mitundu yosiyana m'gulu limodzi. Ng'ala ikakhwima, kadontho kakuda kaja kamaoneka kotuwa kapena koyera, ndipo munthu amangosiyanitsa usana ndi usiku basi.

Kupatula ukalamba, ng'ala imabwera msanga kwa odwala shuga, osuta fodya, ovulala diso, amene agwira ntchito padzuwa zaka zambiri, komanso amene agwiritsa ntchito mankhwala a gulu la steroid kwa nthawi yaitali. Sipatsirana, sibwera chifukwa cholira maliro, ndipo si kulodzedwa.

Dziwaninso kuti si mdima uliwonse wa m'maso umene uli ng'ala. Ngati mwapitirira zaka 40 ndipo mukulephera kulowetsa ulusi pa singano kapena kuwerenga timalemba ting'onoting'ono, koma patali mukuona bwino, mwina mukungofunika magalasi owerengera. Palinso nthenda yotchedwa glaucoma, yomwe imaononga mtsempha wa diso mwakachetechete, ndipo kuona komwe yaononga sikubwereranso. Ena a inu mukukumbukira opaleshoni ya zikope kwa anthu amene tsitsi la m'zikope linkalowa m'kati n'kumakanda diso. Imeneyo inali ya trachoma, nthenda yomwe WHO inalengeza mu Seputembala 2022 kuti Malawi waigonjetsa, ndipo ndi yosiyana ndi ya ng'ala. Wosiyanitsa zonsezi ndi wachipatala yekha. Paja amati safunsa anadya phula.

Palibe mankhwala omwa, odontheza kapena azitsamba omwe amasungunula ng'ala. Madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, shuga kapena mankhwala ogula pamsika zikathiridwa m'diso zimatha kuyambitsa chilonda, ndipo chipsera cha chilondacho chikhoza kulepheretsa diso kuona ngakhale ng'alayo itachotsedwa.

Koyambira ndi kuti?

Yambani kuchipatala chaching'ono cha kwanuko, kapena pitani ku gawo la maso pa chipatala cha boma cha Kasungu. Kumeneko adzakuwerengetsani zilembo kapena zizindikiro za pakhoma, kapena kukufunsani zala zomwe akukuonetsani, kenako adzaunika m'diso ndi tochi kapena makina. Akapeza kuti ndi ng'ala yofunika kuchotsa, adzakuuzani kopita. Ambiri a chigawo chapakati amatumizidwa ku Lions Sight First Eye Hospital pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchoka pa Kasungu boma mu msewu wa M1. Chipatala cha mishoni cha Nkhoma nacho n'chodziwika kwa zaka zambiri pa opaleshoni ya ng'ala, ndipo a kumpoto kwa boma lino, monga ku Nkhamenya, ena amapita ku Mzuzu Central. Nthawi zina madokotala a maso amabwera okha kudzagwira ntchito kwa masiku angapo pa zipatala za m'maboma. Tcherani khutu ku zilengezo za alangizi a zaumoyo, mafumu, wailesi ndi kutchalitchi.

M'zipatala za boma chithandizo n'chaulere, pamene za mishoni zimakhala ndi mitengo yake. Funsiranitu musananyamuke, ndipo muwerengere ndalama ya ulendo ndi chakudya cha anthu awiri, wodwala ndi womuperekeza. Muwerengerenso maulendo obwerera kukaonetsa diso, chifukwa amenewa ndi amene ambiri amawaiwala.

Kale anthu ankauzidwa kuti adikire ng'ala ikhwime. Masiku ano nthawi yabwino ndi pamene ng'ala yayamba kukulepheretsani ntchito zanu. Msampha wathu kuno ndi kalendala ya fodya. Timati tidikire tiwokere, kenako tidikire tithyole, tisoke, tisankhe, tidinde mabelo, tigulitse ku Chinkhoma, ndiye pomwe ndalama zikubwera nthawi ya nazale yakwananso, chaka n'kutha. Ng'ala ikakhalitsa mopitirira imavuta kuchotsa, ndipo nthawi zina imatupa kapena kuyambitsa kuthamanga kwa madzi a m'diso. Zikatero diso limapweteka kwambiri ndipo likhoza kufa osadzaonanso. Ngati ndalama ya fodya, soya kapena mtedza yalowa, patulanitu ya ulendo wa maso isanathere zina.

Kukonzekera tsiku la opaleshoni

Asanakulowetseni ku fiyeta adzakuyezani BP ndi shuga. Zikapezeka kuti zakwera kwambiri, akhoza kukupatsani mankhwala n'kukuuzani kuti mubwerenso tsiku lina. Musakhumudwe kapena kuganiza kuti akukanani, akuteteza diso lanu. Chimodzimodzi ngati diso likutuluka manthongo kapena muli ndi chifuwa chachikulu, amayamba achiza zimenezo. Nthawi zambiri amayezanso kutalika kwa diso ndi kamakina kuti asankhe kagalasi koyenera inuyo.

Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse omwe mumamwa, kuphatikizapo asipirini ndi ena ochepetsa kuundana kwa magazi, ndipo muwaonetse adokotala. Musasiye mankhwala a BP kapena a shuga mwa inu nokha. Za kudya m'mawa wa tsikulo, tsatirani zimene anamwino akuuzani. Sambani thupi lonse, tsukani tsitsi ndi nkhope ndi sopo, valani zovala zochapa, ndipo musadzole mafuta kapena zodzoladzola kumaso. Womuperekeza wodwala akhale munthu wamkulu womva malangizo n'kuwasunga. Musatume mwana wasukulu kuti akakhale gadiyani.

Zimene zimachitika ku fiyeta

Apa ndi pamene pali mphekesera zambiri. Ena amati adokotala amatulutsa diso n'kuliika m'mbale, ena amati amaikamo diso la mbuzi. Zonsezi n'zabodza. Diso silichoka m'malo mwake, ndipo palibe chiwalo cha nyama chomwe chimalowamo.

Choyamba amadontheza mankhwala okulitsa kadontho kakuda kaja. Kenako amachititsa dzanzi diso, kawirikawiri ndi jakisoni wobaya m'mbali mwake. Jakisoniyu amaluma pang'ono kwa kanthawi kochepa, kenako diso limachita dzanzi. Munthu wamkulu samugoneka tulo. Mumagona chagada, amakutsukani kuzungulira diso ndi mankhwala, n'kukufundani nsalu yoyera kumaso yokhala ndi kabowo pa diso lokhalo. Mpweya umalowa bwino pansi pa nsaluyo. Amaika kachitsulo kogwira zikope kuti musaphethire, choncho musade nkhawa kuti mutseka diso pakati pa ntchito.

Adokotala amayang'ana kudzera pa makina okulitsa zinthu, amatsegula kakhomo kakang'ono m'mphepete mwa diso, amatulutsa kagalasi kamtambo kaja, n'kuikamo kagalasi katsopano kapulasitiki koyera. Mwa njira yomwe imagwiritsidwa ntchito kwambiri kuno, kabalako kamadzitseka kokha ndipo nthawi zambiri sikafuna kusoka. Mukhoza kuona kuwala kapena mitundu ikuyendayenda, kumva madzi ozizira akutsikira ku khutu, ndi kumva achipatala akulankhulana. Ntchito yanu ndi imodzi: kugona osagwedeza mutu. Mukafuna kutsokomola kapena mukamva kupweteka, nenani ndi pakamwa, musadzuke. Pakatha mphindi 15 mpaka 30 amakhala amaliza, ndipo amaphimba diso ndi thonje ndi kachotchinga.

Kagalasi katsopanoka kali ndi mbiri yake. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, dokotala wa ku England dzina lake Harold Ridley anaona kuti tizidutswa ta pulasitiki ya mawindo a ndege tikalowa m'maso mwa oyendetsa ndege za nkhondo, diso silinkatikana. Mu 1949, pa chipatala cha St Thomas' ku London, anayamba ntchito yoika kagalasi kapulasitiki m'diso la munthu wochotsedwa ng'ala. Kwa zaka zambiri timagalasiti tinali todula, ndipo m'mayiko ngati kwathu kuno ochotsedwa ng'ala ankapatsidwa magalasi ochindikala ngati pansi pa botolo. Akasweka kapena kutayika, munthu ankabwerera mu mdima. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1990, pamene mafakitale monga Aurolab ya ku Madurai m'dziko la India, yomwe inayamba mu 1992, anayamba kupanga timagalasiti pa mtengo wotsika. Ngati agogo akukana chifukwa chokumbukira mnzawo wa magalasi ochindikala aja, auzeni kuti opaleshoni ya lero ndi ina. Kagalasika kamakhala m'diso moyo wonse, sikamveka, sikachita dzimbiri ndipo sikafuna kusintha.

M'mawa wake

Kawirikawiri mumagona kuchipatala usiku umodzi, ndipo thonje amalichotsa m'mawa. Ambiri amayamba kuona tsiku lomwelo. Ena amaona mwa chifunga kwa masiku angapo, kenako kumayera pang'onopang'ono. Diso limakhala lofiira pang'ono, limatuluka misozi, limamveka ngati muli kamchenga, ndipo kuwala kumathobwa. Zimenezi zimachepa tsiku ndi tsiku, ndipo panado amakwanira pa ululu wake.

Tinene zoona: si onse amene amaona bwino chimodzimodzi. Ngati kumbuyo kwa diso kunaonongeka kale ndi shuga, glaucoma kapena ukalamba, kuchotsa ng'ala kumathandiza pang'ono chabe. Funsani adokotala musanalowe ku fiyeta kuti muyembekezere zotani. Ngati maso onse ali ndi ng'ala, amayamba ndi limodzi, linalo amadzachita loyambalo litapola. Musalekere panjira poti limodzi likuona, chifukwa maso awiri ndi amene amathandiza kuona bwino dzenje, mzere wa m'munda kapena chitsa, ndipo munthu sagwaigwa.

Masabata a kunyumba

Adokotala amagwira ntchito yawo mphindi zochepa, koma diso limapola m'masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo nthawi yonseyi limakhala m'manja mwa a pakhomo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mudzapatsidwa mankhwala odontheza oteteza ku tizilombo ndi ochepetsa kutupa. Wodontheza asambe m'manja ndi sopo. Wodwala akhale pansi, aweramutse mutu n'kuyang'ana kumwamba. Kokani chikope cham'munsi pang'ono, donthezani dontho limodzi, ndipo kamwa ya botolo isakhudze diso, chikope kapena chala. Ngati mabotolo ndi awiri, dikirani mphindi zisanu musanadontheze lachiwiri. Tsatirani nthawi zomwe alemba mpaka tsiku lomwe anena, ngakhale diso likuona bwino. Mankhwalawa ndi a munthu mmodzi, musabwereke mnansi amene maso akumuyabwa.

Musatikite diso ngakhale litayabwa. Pogona valani kachotchinga kwa masiku omwe akuuzani, ndipo yesetsani kugonera mbali inayo. Posamba, madzi ndi sopo zisalowe m'diso. Pukutani nkhope ndi kansalu koyera konyowa, ndipo manthongo achotseni ndi thonje loviika m'madzi owiritsa omwe azizira. Potuluka panja valani chipewa chachikulu kapena magalasi a dzuwa.

Chovuta kwambiri kwa mayi ndi ntchito. Kwa masabata oyamba, mpaka achipatala atakulolani, siyani kusenza ndowa ndi mitolo ya nkhuni, kusinja, kulima ndi ntchito zoweramira nthawi yaitali. Talikiranani ndi utsi wa pa mafuwa ndi wa m'mabalani, fumbi la posesa, mungu wa popeta kapena kuchigayo, komanso fumbi la fodya la m'chigafa ndi pa jeke. Nkhuku zokupiza mapiko ndi zala za ana oyamwa nazo zimavulaza maso, choncho agogo asabereke kapena kunyamula mdzukulu masiku amenewa. Kuyenda pang'ono, kucheza, kumvera wailesi ndi kudya chakudya chilichonse cha masiku onse palibe choletsa.

Pali zizindikiro zomwe sizidikira kuti kuche kawiri. Ngati ululu ukukula m'malo mochepa, ngati kuona kunayamba bwino koma kukubwerera m'mbuyo, ngati diso likufiirirafiirira, chikope chatupa kapena mukutuluka mafinya, ngati mukuona kung'anima ngati mphezi kapena chinsalu chakuda chikutsika, kapenanso ngati diso lamenyedwa ndi chinthu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Tizilombo tolowa m'kati mwa diso sitichitika kawirikawiri, koma tikachitika, makamaka m'sabata ziwiri zoyamba, timatha kuononga diso m'masiku ochepa. Ndalama ya kabaza ndi basi ya ulendo wadzidzidzi ikhale yosungidwa padera.

Pitani pa masiku onse omwe akulemberani kukaonetsa diso. Likapola, ambiri amafunika magalasi owerengera ndi osokera, chifukwa kagalasi katsopano kamakonzedwa makamaka kuti muziona patali. Ng'ala yochotsedwa sibwereranso. Komabe kwa ena, patapita miyezi kapena zaka, kathumba komwe kagalasi kamakhalamo kamachita mtambo, ndipo amaona ngati nthenda yayambiranso. Zimenezi amakonza ndi makina a laser kwa mphindi zochepa ku zipatala zomwe zili ndi makinawo, popanda kudula diso.

Mawu apadera pa za ana

Ng'ala imagwiranso ana, ena amabadwa nayo. Mukaona kadontho ka pakati pa diso la mwana kakuoneka koyera, thamangirani kuchipatala sabata yomweyo. Ubongo wa mwana umaphunzira kuona m'miyezi ndi zaka zoyambirira, ndipo akachedwa kuthandizidwa diso silidzaona bwino ngakhale ng'ala itachotsedwa. Kuyera kumeneku nthawi zina kumakhala chizindikiro cha khansa ya m'diso. Ana amawachita opaleshoni atawagoneka tulo, ndipo ambiri amatumizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Zimene bungwe lanu lingachite

M'zaka za m'ma 1990, ofufuza otsogozedwa ndi Paul Courtright anatsatira anthu osaona chifukwa cha ng'ala m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, omwe anauzidwa kuti akachitidwe opaleshoni. Zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa mu 1995, zinaonetsa kuti amene anakambiranapo ndi wina za opaleshoniyi, kapena amene ankadziwa munthu amene anachitidwapo kale, ndi amene ankavomera kwambiri kupita. Ofufuzawo anatinso kusowa ndalama ndi kusowa thandizo la achibale kumatsekereza makamaka amayi.

Phunziro lake ndi losavuta kulitsatira. Ngati m'bungwe mwanu muli mayi amene anachotsedwa ng'ala ndipo akuona, mupempheni afotokoze yekha pa msonkhano wanu, ndipo mupite naye kwa agogo amene akuchita mantha. Poyendera odwala, funsaninso za maso: ndani wasiya kubwera ku mphakati chifukwa choopa njira, ndani akupsa ndi moto pophika, ndi mtsikana uti wasiya sukulu kuti azitsogolera agogo ake. Musaiwale mabanja a matenanti m'maesiteti, omwe abale awo ali kutali ndipo zilengezo za m'mudzi sizimawafika. Lembani maina n'kuwapereka kwa alangizi a zaumoyo, kuti madokotala akabwera anthuwa asaphonyedwe. Tsiku loganizira za maso padziko lonse, lomwe limakhala Lachinayi lachiwiri la Okutobala chaka chilichonse, ndi nthawi yabwino yoitana wachipatala kudzalankhula ku bungwe lanu.

Wodwala akapatsidwa tsiku, khalani pansi ndi banja lake, kuphatikizapo amuna ake kapena ana ake aamuna omwe amasunga ndalama, n'kugawana ntchito zisanachitike. Wina akhale woperekeza, wina wodontheza mankhwala, ena asinthane kuphika, kutunga madzi ndi kusesa kwa mwezi wathunthu, ndipo ngati ndi nthawi yosankha fodya, wina alowe m'chigafa m'malo mwake. Mayi amene akudziwa kuti pakhomo pake pali omugwirira ntchito savuta kukwera basi ya ku Lilongwe, ndipo akabwerako sathamangira ku mafuwa diso lisanapole.